Kope la Mapulani ku London: Ligwire Ntchito Kapena Lisangalatse?

Okutobala akangolowa, masitolo a zolembera ku London amayamba kuyala madayale a chaka chamawa. Pali akuda bii a anthu a m'maofesi, pali a maluwa ndi timizere tagolide, palinso ena opanda ngakhale deti, masamba ake madontho okhaokha. Amalawi okhala mumzindawu, anamwino, osamalira okalamba, ophunzira, oyendetsa galimoto zoperekera katundu, nawonso amagula. Mu Januwale amalembamo mwakhama, pofika Malichi kope lija lili pansi pa mulu wa makalata a khonsolo. Ena limawatopetsa chifukwa ndi louma, mndandanda wa ntchito basi. Ena limawalemera chifukwa analikongoletsa mpaka kuliopa. Nawa mafunso amene amabuka nkhani imeneyi ikayambika.

Foni ili ndi kalendala kale. Kope la pepala n'lachiyaninso?

Foni ndi katswiri pa chinthu chimodzi, kulira nthawi ikakwana. Tsiku lokaonana ndi dokotala, lolipira lendi, ola lonyamuka kupita ku shifiti ya usiku, zonsezi ziikeni m'foni. Koma m'foni momwemo ndi mmene mulinso gulu la WhatsApp la akubanja, la kumpingo, la anzanu a ku sekondale. Mwaitsegula kuti muone ngati Lachinayi muli pa ntchito, mukudzidzimuka muli pakati pa mkangano wa zopereka za chiliza cha agogo, za Lachinayi zija osaziona n'komwe. Komanso m'mawodi ndi m'nyumba zambiri zosamalira okalamba sakondwa kuona wantchito akutulutsatulutsa foni, pamene kakope ndi cholembera m'thumba la yunifolomu palibe amene amadabwa nazo.

Pepala limayala sabata yonse pamaso panu nthawi imodzi. Mumaona nokha kuti mwavomera mashifiti atatu a usiku otsatizana, ndipo m'mawa wotsatira munalonjeza kukaonekera kusukulu kwa mwana. Kulemba pamanja n'kochedwa, ndipo phindu lake lili pa kuchedwako: ntchito imene mwaikopera kachitatu osaichita mumayamba kuifunsa ngati ndi yofunikadi.

Pali ndi kafukufuku pang'ono. Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Baylor ku America, motsogozedwa ndi Michael Scullin, anagoneka achinyamata 57 m'zipinda zoyezera tulo. Ena anawauza kuti kwa mphindi 5 asanagone alembe zoti adzachite masiku akubwerawo, ena alembe zimene amaliza kale. Olemba za m'tsogolo ndiwo anapeza tulo msanga. Anthu 57 si ambiri, koma amene anagonapo masana atachoka ku shifiti, mutu ukuwerengera fizi ya mng'ono wake, amva chimene chikunenedwa.

Si fashoni ya pa intaneti chabe imeneyi?

Ayi, ndipo London ndiye kwawo kwa malonda amenewa. John Letts anatsegula sitolo ya zolembera ku Royal Exchange mu 1796, ndipo mu 1812 anayamba kugulitsa buku losindikizidwa kale madeti loti amalonda a mumzinda azilemberamo zochita zawo. Dzina la Letts likadali pa madayale mpaka lero, ndipo ife limatikhudzako: buku lalikulu limene David Livingstone ankakoperamo za ulendo wake womaliza, limene anapatsira Henry Morton Stanley mu 1872 kuti apite nalo ku Ulaya, linali la Letts. Mu 1871, ali ku Nyangwe m'dziko limene lero ndi Congo, mapepala ndi inki zitamuthera, Livingstone yemweyo ankalemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ya The Standard ndi inki yofinya ku njere za zipatso zakutchire. Zolembazo zinazimirira moti zinadzawerengeka bwino mu 2011, akatswiri atazijambula ndi makina apadera. Amene akudikira kugula kaye kope lapamwamba ndi zolembera za mitundu 12 kuti ayambe, aganizirepo pamenepa.

Frank Smythson, amene anatsegula sitolo yake ku New Bond Street mu 1887, anatulutsa mu 1908 dayale yopepuka ya m'thumba, ya mapepala opyapyala abuluu ngati thambo. Filofax, kope lija la timphete tachitsulo limene mumachotsa ndi kuwonjezera masamba mmene mukufunira, linayamba kugulitsidwa mu 1921 ndi kampani ya ku London ya Norman & Hill. Oyamba kulikonda anali abusa ndi akuluakulu a asilikali, anthu a misonkhano yambiri. Mabomba a Ajeremani ataphwasula maofesi a kampaniyo mu 1940, inadzukanso chifukwa mlembi wake Grace Scurr ankasunga mayina a makasitomala m'kope lake limene ankapita nalo kunyumba tsiku lililonse. M'zaka za m'ma 1980 Filofax yachikopa inasanduka chizindikiro cha anyamata a ndalama a ku City, ena akuinyamula kuti anthu aone basi. Choncho matenda olemba kope pofuna kuoneka sanayambe ndi Instagram.

Kwathunso sitinayambe lero. Msungichuma wa Mvano ali ndi kope lake, mwini golosale ali ndi buku la angongole, mphunzitsi ali ndi la ndondomeko ya maphunziro, ndipo kalendala ya mpingo yopachika pakhoma imakhala itazunguliridwa madeti a chinkhoswe ndi a sikelo ya mwana.

Nanga Bullet Journal imene achinyamata akuitchula ndi chiyani? Ndi zithunzi zokongola zija?

Zithunzizo zinabwera pambuyo. Njirayi anaiyambitsa Ryder Carroll, wopanga mapulogalamu ndi mawebusaiti wa ku New York, amene kuyambira ali mwana ankavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Anaiika pa intaneti mu 2013, ndipo buku lake lofotokoza njirayi, The Bullet Journal Method, linatuluka mu 2018. Masamba amene iye ankaonetsa analibe duwa ngakhale limodzi, cholembera chakuda chokha.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Mumatenga kope lopanda madeti, n'kulemba manambala pa masamba. Masamba oyambirira ndi a zam'katimu, kuti mudziwe kuti nkhani ya ulendo wa kumudzi ili pa tsamba 41. Kenaka masamba angapo a miyezi ya m'tsogolo, tsamba la mwezi uno, ndiye la tsiku ndi tsiku. Chilichonse chimalembedwa mwachidule, mzere umodzi, ndi kachizindikiro kutsogolo: kadontho ngati ndi ntchito, kozungulira ngati ndi chochitika, kamzere kogona ngati ndi mfundo yongofuna kukumbukira. Ntchito ikatha, kadontho kamasanduka X. Ikapanda kutha ndipo ikufunikabe, mumaikapo kamuvi koloza kumanja n'kuikopera pa tsamba latsopano. Ikakhala kuti yatha mphamvu, mumaikhwatcha.

Mtima wa njira yonse uli pa kusamutsa kumeneku. Mwezi ukatha mumabwerera m'mbuyo, kuona zotsala chimodzichimodzi. "Kuimbira amalume za malo aja" ikasamuka miyezi itatu, ndiye kuti nkhani si nthawi ayi, pali chimene mukuopa kumva. Palibe sitika imene ingakuuzeni zimenezo.

Koma anthu atayamba kujambula masamba awo n'kumaika pa Instagram, Pinterest ndi YouTube, okongola ndiwo ankakopa maso. Panabwera matepi a mapepala a mitundumitundu ochokera ku Japan otchedwa washi, zolembera za nsonga ya bulashi, zidindo, mitu ya mwezi uliwonse. Wobwera kumene amaona zimenezo n'kuganiza kuti ndiyo njirayo, ndipo poti sadziwa kujambula amagwa ulesi asanayambe.

Mmalawi wa ku London alembemo chiyani chimene dayale yogula ilibe?

Apa ndiye pali nkhani, chifukwa munthu wotere amayendera makalendala awiri, pamene dayale ya m'sitolo imadziwa imodzi yokha.

Tiyambe ndi ya kuno. Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo, ndipo amene amadzigwirira yekha ntchito ayenera kukhala atatumiza fomu yake ya pa intaneti ku ofesi ya msonkho ya HMRC pofika pa 31 Januwale. Msonkho wa khonsolo kawirikawiri umalipidwa miyezi 10, Epulo mpaka Januwale, kotero Febuluwale ndi Malichi mumapuma. Lembani zimenezo msanga, ndalama ya miyezi iwiriyo muipatse ntchito isanasungunuke. Makhonsolo a London alipo 33 kuphatikizapo City of London, ndipo iliyonse ili ndi masiku ake otolera zinyalala. Mwana wopita ku sekondale fomu yake ifike pofika pa 31 Okutobala, wa ku pulayimale pa 15 Januwale, tsiku lomwelo limene kwathu tikukumbukira John Chilembwe. Sukulu zimatseka sabata imodzi pakati pa teremu, mu Okutobala, Febuluwale ndi kumapeto kwa Meyi, ndipo kholo la mashifiti likapanda kuona zimenezo patali limapezeka likupempha anzake kusinthana masiku usiku womaliza.

Namwino amakonzanso kaundula wake ku bungwe la anamwino la NMC zaka 3 zilizonse, ndipo amafunika kuonetsa maola 450 a ntchito, maola 35 a maphunziro owonjezera ndi malipoti 5 olingalira za kagwiridwe kake ka ntchito. Tsamba limodzi kumapeto kwa kope, lolembapo deti ndi maola a maphunziro aliwonse tsiku lomwelo, limapulumutsa munthu ku ntchito yofukula maimelo a zaka zitatu. Amene ali pa viza ya ntchito ndipo akuyembekeza kudzapempha chilolezo chokhazikika alembe tsiku lililonse lotuluka ndi lolowa m'dziko, chifukwa lamulo limawerenga kuti asapyole masiku 180 ali kunja m'miyezi 12 iliyonse. Maliro awiri ndi ukwati umodzi m'chaka sizifika pamenepo, koma fomu imafuna madeti enieni, osati "chapakati pa mwezi wa Ogasiti".

Ndiye ya kwathu. Feteleza ndi mbewu zimafunika mvula isanagwe, choncho ndalama yake iyambe kusonkhana mu Ogasiti, osati foni ikalira mu Novembala. Fizi imabwera katatu pa chaka. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zimapepuka ndipo mapempho amachuluka, pamene inunso mwangotuluka mu Khirisimasi ndipo magetsi ndi gasi zikudya ndalama chifukwa cha chisanu. Tsiku la Anakubala kwathu ndi 15 Okutobala, pamene la kuno limagwa Lamulungu lachinayi la nyengo ya Lenti, kawirikawiri mu Malichi. Dayale ya Letts idzakukumbutsani la Malichi lokha, ndipo amayi ku Ntcheu sadzamva zoti munasokonezeka. Onjezani 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julayi, ndipo kwa okonda za chikhalidwe, Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete Loweruka lomaliza la Ogasiti.

Kanthu kena kakang'ono: mawotchi a kuno amasintha Lamulungu lomaliza la Malichi ndi Lamulungu lomaliza la Okutobala, pamene a ku Malawi sasuntha. M'chilimwe cha kuno Lilongwe imatsogola ndi ola limodzi, m'nyengo yozizira ndi maola awiri. Msonkhano wa banja wa pa foni umene munazolowera 6 koloko madzulo umapezeka wayamba muli m'basi.

Pa tsamba la ndalama, lembani zotumiza kumudzi m'mizere iwiri, mapaundi ndi makwacha, pamodzi ndi dzina la ntchito yake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankalemba mapaundi okha sakanatha kulondola ngati mtengo wa simenti umene akuuzidwa ukugwirizana ndi zimene zachitika pa msika. Za chipereganyu nazonso zikhale ndi tsamba lake: walandira ndani, watsala ndani, mwezi uti.

Ndiye kope ladzaza kale ndi ntchito. Zosangalatsa zilowa pati?

Maganizo anga ndi awa: masamba a m'tsogolo akhale a pensulo, masamba a m'mbuyo ndiwo alandire utoto. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa. Amakhala Lamulungu madzulo kujambula sabata imene sinafike, mabokosi oongoka ndi lula, mutu wa zilembo zopindapinda. Lachiwiri manijala waimba kuti wina wadwala, mashifiti asintha, ndipo tsamba lokongola lija likufunika kukhwatchidwa. Dzanja limakana. Munthu amalemba kusinthako pa kapepala kena, kapepalako n'kutayika, ndipo kope lasiya kunena zoona. Kope likangoyamba kunama, mwini wake amasiya kulitsegula.

Tiyerekeze mayi wosamalira okalamba, amakhala ku Croydon, ntchito ku Beckenham, amakwera tramu. Rota ikafika, amatsegula masamba awiri. Kumanzere masiku 7, mzere uliwonse ndi pensulo: Lolemba masana, Lachiwiri masana, Lachitatu kupuma, Lachinayi ndi Lachisanu usiku. Pansi pa Lachitatu: kuchapa mayunifolomu, kutumiza ya feteleza pa Mukuru, kuimbira sukulu. Kumanja zinthu zitatu zokha zimene sabatayo isathe zisanachitike, ndi bokosi la ndalama. Zonsezi mphindi 10, tiyi asanazizire. Labala ali pafupi.

Sabata ikatha, masamba amenewo sangasinthenso, ndipo tsopano ndi ake oseweretsa. Pa Lachitatu wamatapo risiti ya ku msika wa Surrey Street kumene anapeza therere ndi chinangwa. Pa Lachisanu wajambula nkhandwe imene anakumana nayo mbandakucha ikufukula bini, ngakhale kuti yatuluka ngati galu wa mnansi. M'mphepete walemba zimene mwana wake wobadwira kuno ananena poyesa kupereka moni kwa agogo pa foni, n'kuwasekesa mpaka kutsokomola. Pakona wapaka kabokosi mtundu wa thambo la tsikulo, ndipo mu Disembala, pamene dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, timabokosi timeneti timangokhala totuwa mbuu, kenaka mu Malichi n'kuyamba kuyera. Palibe chimene chaonongeka, chifukwa ntchito ya tsambalo inatha kale.

Utoto ukhoza kulowanso m'masamba a m'tsogolo ngati wapatsidwa ntchito. Chofiira cha ndalama, chobiriwira cha za kumudzi, chabuluu cha ntchito. Mukatsegula mwezi n'kuona kuti chobiriwira chili pa ndalama zokhazokha, osati pa "kucheza ndi achemwali", kope lakuuzani kanthu. Mitundu itatu yakwana. Ikafika 8 mumayamba kufuna tsamba lina lokukumbutsani tanthauzo la mtundu uliwonse.

Koma kunena zoona, kujambula nkhandwe si kutaya nthawi kwa munthu wamkulu?

Kope la mapulani limafa ndi chinthu chimodzi, kusatsegulidwa. Ngati nthawi zonse mukalitsegula mumangopezamo ngongole, mafomu ndi zimene munalephera dzulo, dzanja limayamba kulizemba. Kanthu kosekesa kamene kali pa tsamba la dzana ndiko kamakubwezani, ndipo mukabwera mumaonanso kuti mawa ndi tsiku lomaliza kulipira. Choncho seweroli limalipira lendi yake.

Ngakhale kukhwatchakhwatcha kopanda cholinga sikuli kwachabe. Mu 2009 Jackie Andrade wa pa yunivesite ya Plymouth anamvetsera anthu 40 uthenga wa pa foni wotopetsa dala. Theka ankadetsa timabokosi pa pepala pomvetsera, ndipo atafunsidwa mwadzidzidzi anakumbukira zambiri ndi 29 peresenti kuposa anzawo.

Dayale yotchuka kuposa zonse za mu London ndi ya Samuel Pepys, mkulu wa mu ofesi yoyang'anira sitima zankhondo, amene analemba kuyambira pa 1 Januwale 1660 mpaka pa 31 Meyi 1669, pamene analeka poopa kuti maso akuonongeka. Anali munthu wa mawerengero, wokonda kuwonkhetsa chuma chake mwezi kapena chaka chikatha, wodziikira malumbiro ochepetsa vinyo ndi zisudzo. Koma m'buku lomwelo muli nyimbo, madyerero, mikangano ndi mkazi wake, mliri wa 1665, ndi tsiku la mu Sepitembala 1666 pamene moto waukulu unkayandikira nyumba yake ku Seething Lane, iye n'kukumba dzenje m'dimba kukwiriramo vinyo ndi tchizi chake cha ku Italy. Mawerengero ake amawerengedwa ndi akatswiri a mbiri. Anthu wamba amakumbukira tchizicho.

Zimenezi si za atsikana?

Pepys, Livingstone ndi Carroll onse ndi amuna. Ndipo sewero silitanthauza maluwa. Lembani zigoli za Maule ndi Manoma, mmene Flames yachitira, amene wapambana bawo Loweruka, nambala za mabasi onse a London amene mwakwerapo, mayina a malo amene amakupindani lilime. Bambo wina akhoza kungomata tikiti ya mpira ya ku Selhurst Park, basi.

Ndidziwa bwanji kuti zokongoletsa zapyola muyeso?

Chizindikiro choyamba n'chakuti mwayamba kulemba poyamba pa kapepala kuti mudzakopere "bwinobwino" m'kope. Chachiwiri, kope silichokanso panyumba poopa mvula ndi mafuta a m'chikwama, pamene zinthu zofunika kulemba zimakupezani pa siteshoni. China, mukakonza tsamba mumaganiza kaye za mmene lionekere pa chithunzi, ndipo zenizeni, monga ngongole ya kwa mlamu, mumazisiya chifukwa sizingaonetsedwe kwa anthu.

Msampha waukulu ndi matebulo olondolera zizolowezi. Mwezi woyamba munthu amajambula mizere 15: kumwa madzi, kuwerenga Baibulo, kuthamanga, kusadya shuga, kugona maola 8, kuphunzira za mayeso a Life in the UK, kuimbira amayi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wogwira mashifiti a usiku sangadzaze mabokosi 15 tsiku lililonse, ndipo pofika pa 10 tebulo lili mbee, likumuneneza. Tebulo lotere limapangidwa ndi anthu amene tsiku lawo limayamba ndi kutha nthawi yofanana. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zimene zikukuvutanidi mwezi uno, ndipo muziwerenga pa sabata, osati pa tsiku. Kuyenda katatu pa sabata n'kotheka ngakhale rota itavuta chotani.

Mbali inayo iliponso, ngakhale siikambidwa kwambiri. Kope louma gwa, la ntchito 25 pa tsiku, zonse za anthu ena, nalonso lapyola muyeso. Ngati mwezi wathunthu mulibe mzere umodzi wonena chinthu chimene munachita chifukwa chongochikonda, vuto silili m'kope.

Ndigule zotani, ndipo kuti?

Kope la saizi ya A5, pensulo, labala, cholembera chimodzi chakuda, ndi guluu wa kamtengo. Ngati mashifiti anu amakhazikika ndipo simufuna kujambula mizere, dayale ya madeti ya sabata pa masamba awiri ndi yabwino, ndipo mu Febuluwale imatsika mtengo. Ngati masiku ena mumalemba zambiri, ena osalemba n'komwe, tengani ya madontho yopanda madeti. Leuchtturm1917 ya ku Germany imabwera ndi manambala pa masamba, Moleskine ndi yodziwika koma mapepala ake ndi opyapyala kwa okonda inki yambiri. Zotsika mtengo zili ku The Works, Flying Tiger, Muji ndi Ryman, imene nayonso inayambira mu London mu 1893. Paperchase, imene sitolo yake yaikulu inali ku Tottenham Court Road, inagwa mu 2023, dzina lake n'kugulidwa ndi Tesco. Kope loyamba likhale lotchipa, loti simungalimvere chisoni polikhwatcha.

Ndalumpha masabata atatu. Ndiyambirenso kope latsopano?

Ayi. Tsegulani tsamba lotsatira, lembani deti ya lero. Ngati ndi dayale ya madeti, masamba opanda kanthuwo ndi malo omatapo zithunzi ndi makadi a ukwati.

Pali zimene siziyenera kulowamo?

Zilipo, ndipo kwa ogwira ntchito za umoyo nkhaniyi ndi ya lamulo. Dzina la wodwala kapena wokalamba amene mukumusamalira, adiresi yake, matenda ake, mankhwala ake, nambala yotsegulira kabokosi ka kiyi pakhomo pake, zonsezi malo ake ndi mabuku a kuntchito. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act 2018 ndi malamulo a NMC sasiyanitsa kuti munalemba m'kope lanu ndi mtima wabwino. Kope likaiwalika pa mpando wa basi, ntchito ikhoza kuthera pomwepo. Nkhani yogwira mtima ya kuntchito mukhoza kuilemba popanda chilichonse cholozera munthu.

Zanu nazonso: PIN ya khadi, mawu achinsinsi a ku banki ndi a akaunti ya eVisa, nambala ya pasipoti, musaziike. Pa tsamba loyamba lembani nambala ya foni kapena imelo kuti wotola kapena ofesi ya zotayika ya TfL ikupezeni, koma osati adiresi ya nyumba, poti kope lomwelo likunena masiku amene simugona pakhomo.

Pepys ankalemba m'kalembedwe kachidule ka Thomas Shelton, ndipo pofika pa zamanyazi ankasakaniza Chifalansa, Chisipanishi ndi Chilatini. Ife tili ndi mwayi woti Chichewa pachokha ndi loko mu sitima ya Victoria line. Koma loko ameneyu sagwira kunyumba, kumene mukukhala ndi Amalawi anzanu anayi ndipo kope mwalisiya pa tebulo la kukhitchini.

Likadzaza ndilitaye?

Musanalitseke, koperani m'latsopano masamba amene amayenda ndi inu chaka ndi chaka: madeti a maulendo, za chipereganyu ndi ngongole, maola a maphunziro, masiku obadwa. Lakalelo lisungeni. Wodzigwirira yekha ntchito amayenera kusunga zolemba za msonkho kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pa tsiku lomaliza kutumiza fomu ya chakacho, ndipo kope limathandiza kulondola kuti risiti iyi inali ya chiyani. Pa nkhani za nyumba imene mukumanga kumudzi, mzere wonena kuti pa 12 Juni munatumiza ya malata 40 umathetsa mkangano umene ukanadya Khirisimasi yonse.

Palinso ena amene amawafuna makope otere. The Great Diary Project, imene anaiyambitsa Irving Finkel wa ku British Museum ndi Polly North mu 2007, imasonkhanitsa madayale a anthu wamba, ndipo amasungidwa ku Bishopsgate Institute pafupi ndi siteshoni ya Liverpool Street. Samafuna anthu otchuka. Amafuna zomwe zija eni ake amaziona ngati zopanda pake, mitengo ya zinthu, nyengo, zimene anadya. Mbiri ya Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba za okalamba za ku Britain m'zaka zino idzafuna zolemba za mtundu womwewo, rota ndi mtengo wa feteleza pa tsamba limodzi.

Posunga, lembani chaka pamsana pa kope, ndipo musaligoneke m'kabati yogundana ndi khoma lakunja. Nyumba zambiri za lendi mu London zimachita chinyontho m'nyengo yozizira, ndipo nkhungu imayambira pa mapepala omatidwa ndi guluu.